Amayi a Uta ndi Lupanga: Zimene Manda Akale Aulula

Pa miyambo yokumbukira makolo, maso a khamu amathamangira kumene kukung'anima nthungo ndi kumene zishango zikugundana. Nkhani ya nkhondo zamakedzana ikayambika, wofotokoza ndi omvera omwe amakhala atagwirizana kale mumtima kuti ogwira zida anali amuna, ndi kuti amayi ankatsala m'malinga kulera ana ndi kudikira uthenga wochokera kunkhondo. Maganizo otere sanali a anthu wamba okha. Akatswiri ofukula zinthu zakale a ku Ulaya nawonso anakhala nawo kwa zaka zoposa 100. Akafukula manda n'kupezamo lupanga, ankalemba m'kaundula kuti wogonamo anali mwamuna. Akapezamo mikanda ndi kalilole, ankalemba kuti anali mkazi. Kawirikawiri mafupa a mwini mandayo sankafunsidwa n'komwe.

M'zaka makumi angapo zapitazi mafupawo ayamba kufunsidwa, ndipo ena mwa iwo ayankha mosiyana ndi zimene zinalembedwa. Kuchokera ku Sweden mpaka ku China, kuchokera ku Siberia mpaka m'mbali mwa mtsinje wa Nile, nthaka yatulutsa amayi amene abale awo anawaika m'manda ndi ulemu wa ankhondo. Mbiri yawo ndi yofunika kuidziwa, ndipo njira imene anthu anaizindikirira ndi yofunikanso chimodzimodzi.

Mboni zitatu pa bwalo

Pa bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi. Chimodzimodzi funso loti kodi mayi wakutiwakuti wa zaka zikwi zapitazo anali wankhondo limafuna mboni zingapo, ndipo akatswiri amaitana zitatu.

Mboni yoyamba ndi katundu wa m'manda: lupanga, nkhwangwa, mivi, chishango, zingwe za kavalo. Katunduyu amasonyeza mmene oika maliro ankamuonera wakufayo, pakuti wakufa sadziika yekha.

Mboni yachiwiri ndi thupi lenilenilo. Mafupa a m'chiuno a mayi wamkulu amakhala otambasuka kusiyana ndi a mwamuna, ndipo chigaza nachonso chili ndi zizindikiro zake. Kwa ana zizindikirozi zimakhala zisanaoneke, choncho masiku ano amatenga kachidutswa ka dzino kapena ka fupa n'kupima DNA. Mkazi amakhala ndi makromozomu awiri a X, pamene mwamuna amakhala ndi X ndi Y. Mafupa amasunganso zipsera za mabala, ndiponso zizindikiro za ntchito imene munthu ankagwira tsiku ndi tsiku, monga kukwera kavalo kapena kukoka uta.

Mboni yachitatu ndi zolembedwa ndi zithunzi za nthawi yomweyo, kaya pa mwala, pa fupa kapena pa khoma la kachisi. Si kawirikawiri kuti mboni zitatuzi zipezeke pamodzi pa manda amodzi. N'chifukwa chake mlandu uliwonse uli ndi kulemera kwakekwake.

Manda a ku Birka

Pa chilumba cha Björkö, m'nyanja ya Mälaren ku Sweden, panali mzinda wamalonda wotchedwa Birka, umene unatukuka kuyambira cha m'ma 750 mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 900, m'nthawi ya anthu otchedwa Viking. Hjalmar Stolpe, amene poyamba anali katswiri wa tizilombo, anafika pa chilumbachi mu 1871, ndipo pamapeto pake anafukula manda pafupifupi 1,100. Mu 1878 anatsegula manda amene anapatsidwa nambala ya Bj 581.

Mandawa anali chipinda cha matabwa chokumbidwa pansi, cha mamita pafupifupi atatu ndi theka m'litali, pa malo okwera pafupi ndi linga la asilikali. Pamwamba pake panali chimwala chachikulu chooneka patali. M'katimo munali lupanga, nkhwangwa, nthungo, mpeni waukulu wankhondo, mivi yosongoka yoboolera zovala zachitsulo, zishango ziwiri ndi zitsulo zopondapo wokwera pa kavalo. Kumapazi kunagona akavalo awiri, wamphongo ndi wamkazi. Pafupi ndi thupi panali timiyala ta masewero a pa thabwa, masewero ofuna kuwerengera ndi kutchera mnzako monga amachitira a bawo, amene ambiri amati anali chizindikiro cha wotsogolera nkhondo. Chisoti chake chinali ndi chokongoletsera chasiliva chofanana ndi zimene zinkapangidwa cha ku Kyiv. Mwa manda onse amene anafukulidwa ku Birka, awiri okha ndi amene anali ndi zida za mitundu yonse, ndipo awa anali amodzi mwa iwo.

Kwa zaka zoposa 130, mabuku ankaonetsa chithunzi cha mandawa ngati chitsanzo cha msilikali wamkulu wa Chiviking, ndipo palibe amene ankakayika kuti anali mwamuna. Kenaka Anna Kjellström, katswiri wa mafupa wa ku yunivesite ya Stockholm, akupima mafupa a ku Birka pa kafukufuku wina, anaona kuti mafupa a m'chiuno ndi a nsagwada a munthuyu anali a mkazi. Ambiri sanakhulupirire. Mu 2017 gulu lotsogozedwa ndi Charlotte Hedenstierna-Jonson linalengeza zotsatira za DNA yotengedwa ku dzino ndi ku fupa la mkono. Zidutswa ziwirizo zinali za munthu mmodzi, wa makromozomu awiri a X, wopanda Y. Anali mayi wa zaka zosachepera 30, wamtali pafupifupi masentimita 170. Kupima kwa mano ake kunasonyezanso kuti sanakulire ku Birka, anachita kubwera.

Mkangano unabuka nthawi yomweyo. Ena anati mwina mafupa anasokonezeka m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Koma Stolpe anali munthu wosamala: mafupawo anali ndi nambala ya manda ake, ndipo ankagwirizana ndi chithunzi chimene chinajambulidwa pofukula. Ena anati mwina m'mandamo munalinso mwamuna amene mafupa ake anatayika, koma chizindikiro cha munthu wachiwiri sichinapezeke. Enanso, monga Judith Jesch, katswiri wa zolemba za Chiviking, anachenjeza kuti zida za m'manda pazokha sizitsimikiza kuti munthu anamenyapo nkhondo, makamaka poona kuti mafupa a mayiyu analibe chipsera cha bala. Chenjezo limeneli ndi lomveka. Komabe ofufuzawo, poyankha mu 2019, anakumbutsa anzawo kuti nthawi yonse imene mandawa ankatengedwa kuti ndi a mwamuna, palibe anafunsapo za zipsera, ndipo amuna ambiri oikidwa ndi zida nawonso alibe zipsera. Muyeso umene unakwanira mwamuna unangosanduka wopelewera tsiku limene kunadziwika kuti wogonamo ndi mkazi.

Okwera akavalo a m'zigwa za udzu

Kumpoto kwa nyanja ya Black Sea kuli zigwa zazikulu za udzu zopanda mitengo, zoyambira ku Ukraine, kudutsa kummwera kwa Russia ndi Kazakhstan, mpaka kumapiri a Altai. Kuyambira zaka za m'ma 700 Khristu asanabadwe, m'zigwazi munkakhala mitundu yoweta ziweto yoyendayenda pa akavalo, imene Agiriki ankaitcha Asikuti ndi Asamatiya. Herodotus, wolemba mbiri wa Chigiriki wa zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, anasimba kuti akazi a umodzi mwa mitunduyi ankakwera akavalo, kusaka nyama, kupita kunkhondo ndi kuvala mofanana ndi amuna awo. Kwa nthawi yaitali ophunzira ankaiyesa nkhaniyi nthano chabe, yofanana ndi nthano za Agiriki za akazi ankhondo otchedwa Amazon.

Anthu amenewa sanasiye mizinda yambiri kapena mabuku. Anasiya mitumbira ikuluikulu ya dothi yooneka ngati zulu, yotchedwa kurgan. Kuyambira 1992 mpaka 1995, Jeannine Davis-Kimball wa ku America ndi Leonid Yablonsky wa ku Russia anafukula mitumbira yotere pa Pokrovka, pafupi ndi malire a Russia ndi Kazakhstan. Amayi ambiri kumeneko anaikidwa ndi mikanda, ndolo ndi zipangizo zopotera ulusi. Koma ena ochepa anaikidwa ndi mipeni yachitsulo, mivi yamkuwa ndi miyala yonolera. Mmodzi anali mtsikana wa zaka 13 kapena 14, wa miyendo yamatewe monga ya munthu wokulira pa msana pa kavalo. Pambali pake panali mpeni ndi phodo lodzaza mivi, ndipo anali ndi dzino lalikulu la nguluwe ngati chithumwa. M'thupi la mayi wina munapezeka mutu wa muvi wopindika. Katswiri wina, David Anthony, anawerengera kuti mwa manda a ankhondo a kumunsi kwa mitsinje ya Don ndi Volga, pafupifupi amodzi mwa asanu aliwonse anali a akazi.

Mu 2019 gulu lotsogozedwa ndi Valerii Guliaev linafukula mtumbira wa zaka za m'ma 300 Khristu asanabadwe pa mudzi wa Devitsa m'chigawo cha Voronezh. Munali akazi anayi: mtsikana wa zaka 12 kapena 13, amayi awiri achitsikana, ndi mayi wamkulu wa zaka zapakati pa 45 ndi 50. Mbali ina ya mtumbirawo inali itabedwa kale ndi akuba a makedzana, komabe munatsala mivi yachitsulo yoposa 30. Mmodzi wa amayiwo anagonekedwa miyendo itatambasulidwa monga wokwera kavalo, ndi nthungo ziwiri pambali ndi kalilole wamkuwa. Mayi wamkuluyo anali akadali ndi chisoti chagolide kumutu. Nthungo ndi kalilole zinagona m'manda amodzi, zinthu ziwiri zimene kaundula wakale uja ankazilekanitsa.

Kutali chakum'mawa, ku Tuva m'dziko la Siberia, ofukula anapeza mu 1988 mtembo wa mwana wouma bwino m'bokosi la mtengo pa malo otchedwa Saryg-Bulun. Mwanayo, wa zaka pafupifupi 2,600 zapitazo, anali ndi uta, phodo la mivi khumi ndi kankhwangwa kankhondo. Munalibe mkanda kapena kalilole, choncho analembedwa kuti ndi mnyamata. Patapita zaka 32, mu 2020, DNA inasonyeza kuti anali mtsikana wa zaka 12 kapena 13.

Chifukwa chimene zinthu zinkakhalira chonchi m'zigwazi si chovuta kumvetsa. Chuma chonse cha banja chinali ziweto, ndipo ziweto zimabedwa. Amuna akapita kutali, otsala pa msasa ankayenera kuteteza nkhosa ndi akavalo. Nkhondo yakonso inali ya pa kavalo ndi uta waufupi wopindika, umene umaponya muvi patali. Pa nkhondo yotere liwiro limachokera kwa kavalo, mphamvu imasungidwa mu uta, ndipo chofunika kwa munthu ndi diso ndi kuzolowera. Mtsikana wophunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono ankatha kulasa mofanana ndi mlongo wake.

Zipsera, ndi chenjezo

Ku Armenia kunapezeka mlandu wosiyana ndi wa ku Birka. Pa manda a Bover, m'chigawo cha Lori, munagona mayi wa zaka za m'ma 20 amene anakhalako pakati pa zaka za m'ma 700 ndi 500 Khristu asanabadwe. Anaikidwa ndi zokongoletsera za munthu wolemekezeka, koma thupi lake linasimba nkhani ina. Anahit Khudaverdyan, amene anapima mafupawo n'kulengeza zotsatira mu 2019, anapeza mutu wa muvi utakanirira pa bondo lakumanzere, ndiponso mabala otemedwa ndi obayidwa m'chiuno ndi m'miyendo. Malo amene minofu ya m'manja ndi ya m'chifuwa imagwira fupa anali okhuthala monga a munthu wokoka uta kawirikawiri, ndipo mafupa a ntchafu anali ngati a wokwera kavalo. Ku Birka zida zinalipo popanda mabala. Ku Bover mabala analankhula okha.

Sayansi yomweyi imathanso kulanda ulemu umene unaperekedwa molakwika. Mu 1990, kumapiri a Altai pa malo otchedwa Ak-Alakha, anafukula manda a anthu awiri oikidwa ndi zida ndi akavalo, mwamuna wachikulire ndi wachinyamata. Wachinyamatayo anatengedwa kuti ndi mtsikana, ndipo kwa zaka 25 ankatchulidwa m'mabuku ngati chitsanzo cha mtsikana wankhondo. Mu 2015 DNA inasonyeza kuti anali mnyamata. Akuluakulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika. Wofuna kupeza mayi wankhondo m'manda aliwonse akhoza kulakwa mofanana ndi uja wokana kumuona ngakhale ali poyera.

Fu Hao, mkulu wa asilikali a Shang

Ku China mboni ya zolembedwa ndi imene inayamba kulankhula. Mafumu a ufumu wa Shang ankaombeza pogwiritsa ntchito mafupa a paphewa a ng'ombe ndi zigoba za akamba. Ankalemba funso pa fupa, n'kuliotcha ndi moto mpaka ling'aluke, ndipo ming'aluyo inkawerengedwa ngati yankho la mizimu ya makolo. Mafupa zikwi zambiri otere anafukulidwa pa Yinxu, pafupi ndi mzinda wa Anyang, pamene panali likulu lomaliza la ufumuwo.

Pa mafupawa dzina la mayi wina, Fu Hao, linkabwera mobwerezabwereza. Anali mmodzi wa akazi a mfumu Wu Ding, amene analamulira cha m'ma 1200 Khristu asanabadwe. Mfumu inkafunsa mizimu za pakati pa Fu Hao, za matenda ake, za miyambo ya nsembe imene ankatsogolera. Inkafunsanso ngati Fu Hao asonkhanitse asilikali, ngati apite kukamenyana ndi a Tufang, a Ba kapena a Yi, ndi ngati akapambane. Fupa lina limatchula gulu la asilikali 13,000 lopita kukamenyana ndi a Qiang, gulu lalikulu koposa onse otchulidwa m'zolembedwa za nthawiyo.

Mu 1976 anthu a m'deralo ankafuna kusalaza malo ena pa Yinxu kuti akhale minda. Zheng Zhenxiang, mayi wofukula zinthu zakale, anaumirira kuti malowo ayambe apimidwa. Anabowola pansi mozama, ndipo anagunda manda amene akuba anali asanawakhudzepo. Munali zinthu zamkuwa 468, zinthu 755 za mwala wamtengo wapatali wa jade, ndi tizigoba ta m'nyanja pafupifupi 7,000 timene tinali chuma cha nthawiyo. Ziwiya zamkuwa zambiri zinali ndi dzina la Fu Hao. Munalinso zida zankhondo zoposa 100, kuphatikizapo nkhwangwa zazikulu zamkuwa zolemera pafupifupi makilogalamu 9, zimene mu ufumu wa Shang zinali chizindikiro cha ulamuliro pa asilikali. Anthu 16 ndi agalu 6 anaphedwa n'kuikidwa naye pamodzi, umboni wowawa wa mmene ulemu wa mafumu a nthawiyo unkalipiridwira ndi miyoyo ya anthu ena.

Mafupa a Fu Hao mwiniyo anali atawola chifukwa cha madzi a pansi. Komabe mlandu wake ndi wolimba kuposa ina yonse, chifukwa zolembedwa za anthu amene ankamudziwa zinagwirizana ndi zida za m'manda olembedwa dzina lake.

Kandake wa ku Kush

Mu Africa umboni wamphamvu uli ku Sudan, kumene kunali ufumu wa Kush, wa likulu lake ku Meroe, makilomita pafupifupi 200 kumpoto chakum'mawa kwa Khartoum. Owerenga Baibulo amalidziwa dzina loti Kandake kuchokera m'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 8. Dzinali linali la udindo wa amayi achifumu a ku Kush, ndipo angapo mwa iwo analamulira dziko paokha.

Aroma atalanda Iguputo mu 30 Khristu asanabadwe, anayamba kukankhira malire awo kummwera. Cha m'ma 25 Khristu asanabadwe, ankhondo a Kush anaukira Aswan, Elephantine ndi Philae, n'kutenga akapolo ndi kugwetsa mafano a Kaisara Augustus. Strabo, wolemba wa Chigiriki wa nthawi yomweyo, anasimba kuti Akush anali 30,000 ndipo ankalamulidwa ndi Kandake, mayi wamphamvu wa diso limodzi. Akatswiri ambiri amati ameneyu anali Amanirenas. Kazembe wa Chiroma, Petronius, anabwezera powononga mzinda wa Napata ndi kuika asilikali pa linga la Qasr Ibrim, koma Kandake anabweranso ndi khamu la ankhondo kudzaopseza lingalo. Pamapeto pake nthumwi zake zinakumana ndi Augustus pa chilumba cha Samos cha m'ma 21 Khristu asanabadwe, ndipo Kaisarayo anachotsa msonkho umene Akush anauzidwa kuti azipereka. Kush sanakhale chigawo cha Roma.

Nkhaniyi inachokera kwa mnzawo wa Aroma, koma nthaka ya ku Meroe inaitsimikiza. Mu 1910 John Garstang, akufukula kachisi wina kumeneko, anapeza mutu wamkuwa wa fano la Augustus, maso ake agalasi ndi mwala akadali m'malo mwake. Unakwiriridwa pansi pa makwerero a pakhomo, kuti aliyense wolowa m'kachisimo aziponda pamutu pa wolamulira wa Roma. Mutuwo lero uli ku British Museum mumzinda wa London. Pa Hamadab, pafupi ndi Meroe, panapezekanso chimwala chachikulu cholembedwa mayina a Amanirenas ndi kalonga Akinidad m'zilembo za Chimeroe, zimene akatswiri amatha kuzitchula koma chinenero chake sanachimasulire chonse.

Pa kachisi wa mulungu wa mutu wa mkango, Apedemak, ku Naqa, pali chithunzi chosemedwa cha Kandake wina, Amanitore, wa zaka 100 zoyambirira Khristu atabadwa. Mbali imodzi ya khomo kuli mfumu Natakamani, mbali inayo kuli Amanitore, onse a msinkhu wofanana, aliyense atagwira adani tsitsi ndi kukweza chida. Zithunzi zachifumu zimakokomeza, ndipo sizitanthauza kuti mayiyu ankatema adani ndi dzanja lake. Koma zimasonyeza poyera kuti kwa Akush, mayi wogwira lupanga pa khomo la kachisi sichinali chinthu chachilendo. M'zaka za pafupi, ufumu wa Dahomey, m'dziko limene lero ndi Benin, unali ndi magulu a asilikali aakazi otchedwa Agojie, amene anamenyana ndi Afalansa mu 1890 ndi 1892 pamaso pa mboni zambiri.

Zimene mandawa akuphunzitsa

Umboni wonsewu ukaikidwa pamodzi, chithunzi chake n'chooneka bwino. M'mitundu yambiri yakale nkhondo inali makamaka ntchito ya amuna, ndipo manda ambiri a zida ndi a amuna. Koma m'madera ndi m'nthawi zina amayi ankagwira zida, ankavulala ndi zida, ankatsogolera asilikali, ndipo anthu awo ankawaika m'manda ndi ulemu woyenera ntchitoyo. M'zigwa za udzu zinkachitika chifukwa cha moyo woweta ndi nkhondo ya pa kavalo. Ku China ndi ku Kush zinkachitika chifukwa cha udindo wachifumu. Amene anawaika amayiwa sanabise kanthu. Anayala lupanga, uta ndi nkhwangwa poyera pambali pa mtembo. Amene analephera kuona ndi anthu a m'mbuyo muno, chifukwa anafika pa manda atanyamula kale yankho.

Phunziro lachiwiri ndi la kusunga. Mayi wa ku Birka anadziwika patapita zaka 139 chifukwa Stolpe anajambula malo a chinthu chilichonse ndipo mafupa anasungidwa ndi nambala yake, ngakhale kuti pa nthawiyo palibe ankalota za DNA. Fu Hao anapezeka chifukwa mayi mmodzi anakana kuti malo asalazidwe asanapimidwe. Kumbali inayo, mu 1834 Giuseppe Ferlini wa ku Italy anagumula piramidi ya Kandake Amanishakheto ku Meroe pofuna golide. Golideyo anamupeza, ndipo lero ali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Munich ndi ku Berlin, koma zambiri zimene mandawo akadafotokoza za mayiyu zinapita ndi fumbi. Wokumba mofuna chuma amatenga chinthu chimodzi n'kuwononga nkhani yonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malawi nayenso ali ndi nthaka yosunga mbiri. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, Yusuf Juwayeyi anatsata zimene akuluakulu ankasimba za likulu la Kalonga, ndipo pofukula anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Ku Chongoni kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo zambiri mwa zithunzizo zinamveka tanthauzo lake pamene ofufuza anazilumikiza ndi chinamwali cha atsikana n'kumvetsera amayi osunga mwambowo. M'malo onse awiriwa nthaka ndi pakamwa pa akuluakulu zinathandizana.

Choncho mlimi amene khasu lake lagunda mphika wakale, mafupa kapena chitsulo chachilendo, achita bwino kuzisiya pamene zili, n'kudziwitsa mfumu ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Wachinyamata amene ali ndi agogo odziwa mbiri ya mtundu achita bwino kukhala nawo pansi nthawi ikadalipo, n'kufunsa za mafumu ndi ngwazi zachimuna, komanso za amayi: anali yani, ankagwira udindo wanji, anachita chiyani pamene mudzi unali pa ngozi. Mtsikana wa ku Saryg-Bulun anatchedwa mnyamata kwa zaka 32, ndipo mayi wa ku Birka anatchedwa mwamuna kwa zaka zoposa 130. Onse awiri anabwezeredwa mbiri yawo chifukwa panapezeka wina wosunga mosamala, ndi wina wofunsa funso limene anzake ankaliyesa losafunika.